Nyali ya njinga yotchaja: ndi R400 ndingapeze yabwino kuno ku Joni?

Yamikani (Cosmo): Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumapalasa njinga kuno. Andisintha shifiti, tsopano ndikuweruka 10 koloko usiku ku Strijdom Park, kubwerera ku Cosmo City kudzera mu msewu wa Malibongwe. Nthawi imeneyo mataxi amakhala atasowa, ndipo kukwera Uber tsiku lililonse ndiye kuti malipiro onse athera pamsewu. Njinga ndili nayo koma ilibe nyali. M'thumba muli R400 basi, sindingapitirire pamenepo chifukwa ya fetereza ndatumiza kale kumudzi. Ndikufuna yotchaja ngati foni, osati yogulira mabatire sabata iliyonse. Ndaona ina pa Facebook yolembedwa 10,000 lumens, R180. Ndigule?

aPhiri Security: Osagula.

Yamikani (Cosmo): Chifukwa chiyani akuluakulu? Mwangoti osagula basi 😅

aPhiri Security: Dikirani Che Saidi abwere, iwo ndi amene amatsegula zinthu zimenezi. Ine ndingoti 10,000 ameneyo ndi inki ya pabokosi chabe.

Gift wa Delivery: Ine ndili nayo yamtundu womwewo ndipo imawala zedi. Anthu akaiona patali amayesa njinga yamoto.

Bambo a Tadala: Imawala chonchi kwa nthawi yaitali bwanji a Gift?

Gift wa Delivery: Ikangochoka pa chaja imawala moopsa. Pakapita kanthawi imayamba kufooka, ndiye ndimaiika pa yothwanima kuti indifikitse.

Bambo a Tadala: Eyaa. Mwadziyankha nokha.

Che Saidi (Mayfair): Pepani abale, ndinali ndi kasitomala. A Yamikani, tiyeni tichite masamu pang'ono, si ovuta.

Lumens ndi muyeso wa kuwala konse kotuluka mu nyali. Babu la galimoto la halogen, lija la H4 lomwe lili m'magalimoto ambiri akale, likakhala pa dimu limatulutsa pafupifupi 1,000 lumens, pa fulu 1,650. Ndiye kanthu kolowa m'thumba la shati, ka R180, katulutse kuwala kwa mababu a galimoto 10 pamodzi? Ayi ndithu.

Nyali zambiri zotchipazi mkati mwake muli LED imodzi, kababu kakang'ono kotulutsa kuwalako, ndipo amakonda kulemba kuti T6. T6 yeniyeni ya kampani ya Cree ukaipatsa magetsi onse omwe ingapirire imafika cha m'ma 1,000 lumens, ndipo pamenepo imatentha kwambiri moti imafuna thupi la aluminiyamu lotaya kutenthako. Zomwe zimabwera pa benchi panga zambiri si za Cree n'komwe, n'zongofanizira, thupi lake pulasitiki.

Tsopano batire. LED yabwino imapereka pafupifupi 100 lumens pa watt imodzi. Kuti mupeze 10,000 lumens mukufunika 100 watts. Batire la 2,000 mAh (mAh ndi muyeso wa magetsi omwe batire limasunga) pa 3.7 volts limasunga 7.4 watt-hours. Bokosilo likanakhala kuti likunena zoona, nyaliyo bwenzi ikuzima mphindi 5 zisanakwane, musanafike n'komwe pa maroboti a Witkoppen.

Nachisale: Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere 😂

Yamikani (Cosmo): Ndamva Che Saidi. Nanga ndiyang'ane nambala yanji?

Che Saidi (Mayfair): Pa msewu wa tala, 300 mpaka 500 lumens enieni akukwanirani. Koma ndiuzeni kaye, ulendo wanu umatenga nthawi yotani?

Yamikani (Cosmo): Pafupifupi ola, chifukwa cha zitunda. Njinga yake ndi yolemera ndithu.

Che Saidi (Mayfair): Ndiye nambala yoyamba kuiona pabokosi si lumens, ndi maola. Mabokosi oona mtima amalemba kuti pa high maola akuti, pa medium akuti, pa low akuti. Inu yang'anani pa medium, pakhale maola osachepera 2, makamaka 3. Chifukwa chake n'chakuti batire limafooka likamakalamba, tsiku lina tayala lidzaphwa panjira, tsiku lina mudzaiwala kutchaja. Ndi masamu omwe aja, 400 lumens amadya pafupifupi 4 watts, ndiye batire la 2,000 mAh likupatsani maola 2 osakwana bwino. Mukatsitsa pa 200 lumens mufika cha m'ma 4. Nyali yomwe batire lake ndi 800 kapena 1,200 mAh ndi yoti anthu akuoneni, si younikira njira kwa ola lathunthu. Bokosi lomwe lalemba lumens zikuluzikulu koma osatchula mAh kapena maola, libwezereni pashelefu.

Bambo a Tadala: Che Saidi anena bwino za kutsogolo. Ine mwana wanga ndikuuza za kumbuyo, chifukwa aliyense wofunsa za nyali amaiwala kumeneko. Ndapalasa zaka zambiri kuchoka ku Diepsloot kupita ku maganyu a m'madimba ku Bryanston, mu msewu uja tinkauti William Nicol, pano akuti Winnie Mandela. Dzenje lili kutsogolo umaliona, umalizemba. Taxi ikubwera kumbuyo kwako suiona, ndi iyo iyenera kukuona iwe. R400 yakoyo usaithere yonse pa nyali imodzi. Ika R250 kapena R280 kutsogolo, yotsalayo ugule kanyali kofiira ka kumbuyo. Ukakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, ine ndingati yamba ndi kofiirako.

Gift wa Delivery: Aaa bambo, kuyamba ndi kumbuyo? Ndiye aziona bwanji njira?

Bambo a Tadala: Ndati akakhala ndi ya chimodzi chokha. Iyeyu ali ndi ya ziwiri. Werengani bwino a Gift.

Nachisale: Ine sindipalasa, koma ndimakhala mpando wakutsogolo mu taxi m'mamawa popita ku Fourways, ndiye ndimaona zomwe dalaivala amaona. Abale anga, munthu wa panjinga wovala jekete yakuda mumdima saoneka mpang'ono pomwe. Umangodzidzimuka ali pafupi kale, dalaivala n'kuyamba kutukwana. Amene ndimawaona msanga ndi aja amamanga timalamba tonyezimira mu akakolo. Miyendo ikamapalasa timalambato timakwera ndi kutsika, ndiye patali umadziwiratu kuti ndi munthu pa njinga osati chikwangwani. Komanso a Yamikani kanyali kofiirako musakabise ndi chikwama. Ndimaona ena amanga pansi pa chishalo kenako pa kaliyala aika katundu, nyali ikuunikira jumbo.

Yamikani (Cosmo): Zikomo achemwali, zimenezo sindinaziganizire. Chikwama changa ndimamangadi pa kaliyala.

Nachisale: Ndiye mangani kumapeto kwa kaliyalayo, kapena pachikwama penipenipo.

Mjomba wa ku Alex: Inu mukuvutitsa mwanayu ndi masamu. Gula tochi wamba wa batire la 18650, dula malegeni pa chubu chakale, manga pa handulo, wamaliza. Ukafika kunyumba umamasula, magetsi akazima ndi tochi yemweyo. Batire likatha panjira umachotsa n'kuika lina. Nyali zanu za njingazi batire lake ndi lomatira mkati, likafa ndiye kuti nyali yonse yafa.

aPhiri Security: Pa nkhani ya batire losintha a Mjomba akunena zoona. Matochi athu a kuntchito ndi otero.

Bambo a Tadala: Tochi amaponya kuwala pamalo amodzi, kadontho kowala kwambiri pakati, m'mbali muli mdima. Pa njinga umafuna uone m'mphepete mwa tala pomwe pathera, uone galu kapena munthu akutuluka m'tchire. Ndipo malegeni pa mabampu amagwedera, tochi amayamba kuloza kumwamba kapena pa tayala. Ndinaona mnzanga wina akupalasa ndi dzanja limodzi, linalo likuwongola tochi njira yonse.

Mjomba wa ku Alex: Ameneyo sadziwa kumanga. Ife tinakulira kumanga matumba a makala pa njinga, tochi angatikanike?

Che Saidi (Mayfair): Nonse muli ndi mbali yanu. A Mjomba, njira yanu imagwira ngati tochiyo ali wa kuwala kotambalala, ndipo pali timipando ta rabala togulitsa padera tomangira tochi pa handulo, totchipa. Koma pa mabatire a 18650 pamenepo ndi pomwe anthu amaberedwa kwambiri. Dzinalo ndi kukula kwake chabe, 18 mm m'mimba, 65 mm m'litali. Opanga enieni monga Samsung, LG ndi Panasonic, abwino kwambiri awo amathera cha m'ma 3,500 mAh. Ndiye mukaona lolembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh dziwani kuti ndi bodza, malo ake mulibe m'kachitini kameneko. Njira yachidule yodziwira ndi sikelo. Lenileni limalemera pafupifupi 45 grams. Labodza ukalinyamula m'manja umamva kuti ndi lopepuka.

Mjomba wa ku Alex: Anga ndinachotsa mu batire la laputopu yakale, akugwira bwinobwino.

Che Saidi (Mayfair): Malaputopu akale ambiri mkati mwa batire muli ma 18650 omwewo, ndipo kawirikawiri amakhala a makampani enieni. Koma amenewo alibe kachipangizo koteteza pa batire lililonse, ndiye amafuna chaja yabwino yomwe imaima pa 4.2 volts. Ndipo musaike batire lopanda chikuto m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi. Likagundana mbali zonse ziwiri ndi chitsulo limatentha nthawi yomweyo. Pulasitiki yake yakunja ikang'ambika, lisiyeni. Kwa munthu woyamba ngati a Yamikani ine ndingati agule nyali ya njinga yeniyeni, za tochi adzaphunzira pambuyo.

aPhiri Security: Ndiloleni ndiike mbali ina yomwe simukuikhudza. Kuno si ku Kasungu. Nyali yowala kwambiri usiku imauza matsotsi patali kuti kukubwera munthu yekha, ali ndi njinga, ali ndi foni. Anzanga ena a shifiti ya usiku akafika malo ena oopsa amazimitsa dala n'kudutsa mwakachetechete.

Nachisale: Mayo ine, kuzimitsa? Ndiye athawe tsotsi agundidwe ndi galimoto?

aPhiri Security: Sindikuti ndi zabwino mayi, ndikunena zomwe zimachitika.

Bambo a Tadala: A Phiri, mantha amenewo ndi oona, palibe angatsutse. Koma taganizani. Tsotsi wodikira panjira amakhala kuti maso ake azolowera kale mdima, akuonani ngakhale mulibe nyali, ndipo tcheni chimamveka. Amene wataya maso ndi inu wozimitsayo. Misewu ya kuno magetsi a m'mphepete ambiri sayaka chifukwa cha kuba mawaya, ndipo zivindikiro za ngalande anthu amazula kukagulitsa ku sikirapu. Kulowetsa tayala lakutsogolo m'dzenje lotero mumdima wandiweyani ndiye kuti mano onse pansi. Chomwe chimathandiza ndi kuyenda awiri kapena atatu, kusaima malo opanda anthu, ndi kusaika mahedifoni m'makutu. Yamikani funsa kuntchito kwako, sungalephere kupeza wina wa ku Cosmo kapena ku Kya Sand woweruka nthawi yomweyo.

Yamikani (Cosmo): Alipo m'bale wina wa ku Zimbabwe, amakhala ku Extension ina konkuno. Ndiyankhula naye.

aPhiri Security: Chabwino, koma chimodzi mundivomere: nyali ikhale yochotseka msanga. Mukaimika njinga pa shopu kapena kuntchito, chotsani muike m'thumba. Ndaona zambiri zikusowa pa geti pomwe, munthu wangolowa kukasaina.

Bambo a Tadala: Pamenepo tagwirizana.

Gift wa Delivery: Nanga yothwanima ija? Ine ndimaona kuti magalimoto amandipatsa ulemu ndikaika yothwanima.

Nachisale: Amakupatsani ulemu kapena amakhala athobwa m'maso? Zija zimapweteka a Gift, makamaka mvula ikamagwa pagalasi.

Che Saidi (Mayfair): Yothwanima ndi yabwino masana ndi chakumadzulo kusanade, imakopa maso ndipo imasunga batire. Usiku weniweni kutsogolo ikani yokhazikika. Kukamathwanima inu nomwe simuona bwino maenje, ndipo woyendetsa galimoto amavutika kudziwa kuti muli patali bwanji. Kumbuyo kofiira kutha kuthwanima pang'onopang'ono, osati kuja kothamanga ngati kudisiko.

Ndipo nkhani ya kuthobwa yomwe anena a Nachisale ndi yaikulu. Nyali zotchipa zimamwaza kuwala mozungulira, theka limapita kumwamba ndi m'maso mwa anthu. Ku Germany malamulo awo amafuna nyali ya njinga yodula kuwala pamwamba ngati dimu ya galimoto, mukaona bokosi lolembedwa StVZO ndi zimenezo. Pa R400 mwina simuipeza, koma mutha kukonza ndi kalozedwe kake. Imikani njinga moyang'ana khoma, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchoka pakhomapo, yatsani. Powala kwambiri pakhale pansi pa msinkhu wa nyaliyo. Pakakhala pamwamba, ndiye kuti mukuunikira nkhope ya dalaivala wa taxi yemwe akubwera kutsogolo kwanu, ndipo munthu wothobwa m'maso sadziwa komwe akuwongolera.

Yamikani (Cosmo): Koma ndikalozetsa pansi kwambiri sindiona patali. Pali malo ena otsetsereka pomwe njinga imathamanga yokha.

Che Saidi (Mayfair): Ndi zoona, ndiye pamenepo gwirani mabuleki. Pa 36 km pa ola mumayenda mamita 10 pa sekondi imodzi. Ngati nyali yanu ikuonetsa bwino mamita 10 okha, dzenje mukaliona mwatsala ndi sekondi imodzi. Pa 18 km pa ola muli ndi masekondi awiri. Nyali ya bajeti imafuna liwiro la bajeti. Pa mtsetse ikani pa high, pa chitunda pomwe mukukwawa tsitsani pa low, batire lidzakuthokozani.

Agogo a ku Rosettenville: Ana inu mukuvutika ndi zotchaja. Ife kale njinga za Humber ndi Phoenix zinkabwera ndi dainamo, kabotolo kotsamira pa tayala. Palibe kutchaja, palibe Eskom, palibe ESCOM. Ukapalasa kwambiri imawala kwambiri.

Mjomba wa ku Alex: Ukaima imazima agogo 😂 Ndipo pa matope inkangoterereka pa tayala.

Agogo a ku Rosettenville: Inkazima inde, koma sinafunepo chaja. Kulira kwake kokha usiku anthu ankadziwa kuti aphunzitsi akubwera kuchokera ku sitolo.

Che Saidi (Mayfair): Agogo, madainamo alipobe, 6 volts 3 watts monga kale, ndipo amakono amakhala mkati mwa habu ya wilo lakutsogolo. Ndi LED amawala bwino kuposa mababu aja. Vuto ndi mtengo, pofunika kumanganso wilo lonse. Si za R400.

Admin: Tibwerere kwa a Yamikani abale. Ndipo amene mwaponya za thiransipoti ya katundu wopita ku Mangochi ndachotsa, tsiku la malonda ndi Lachisanu.

Yamikani (Cosmo): Zikomo a Admin. Funso lina: mvula yayamba, madzulo aliwonse kukugwa ya mabingu. Nyali zimenezi zimapirira madzi?

Che Saidi (Mayfair): Yang'anani zilembo IPX. IPX4 ndiye kuti imapirira madzi owaza kuchokera mbali iliyonse, imeneyo ndiyo yochepetsetsa yomwe mungalole. IPX5 ndi IPX6 zimapirira madzi othamanga mwamphamvu, zabwino pa mvula ya kuno ya matalala. IPX7 ndi yoti itha kumira mita imodzi kwa mphindi 30, simukufunika kufika pamenepo. Bokosi longolemba kuti siilowa madzi popanda nambala, musalikhulupirire msanga. Ndipo zambiri zomwe zimabwera kwa ine zitafa, madzi analowera pabowo la chaja. Kachivindikiro ka rabala kaja kakanikizeni nthawi zonse, ndipo musatchaje pabowo pali ponyowa.

Pa bowo lomwelo, ngati mungasankhe tengani USB-C osati micro USB. Micro imathyoka msanga mkati, ndipo USB-C ndi chingwe chomwecho cha mafoni ambiri a masiku ano, simusowa wobwereka kuntchito.

Gift wa Delivery: Ine ndimayenda ndi power bank m'chikwama, nyali ikafooka ndimalumikiza.

Che Saidi (Mayfair): Zina zimalola kuyaka zili pa chaja, zina zimazima ukangolumikiza. Yesani musanagule ngati mukudalira zimenezo.

aPhiri Security: Tchajani kuntchito masana kapena shifiti ikangoyamba. Load shedding inachepa inde, koma kwathu kuno thiransifoma ikaphulika kapena akaba mawaya timakhala masiku opanda magetsi. Osadalira soketi ya kunyumba yokha.

Nachisale: Ndipo musatchaje pa bedi muli mtulo chonde. M'mikhukhu muno moto suchedwa.

Che Saidi (Mayfair): Mawu amenewo ndi oona mayi. Tchajani pa simenti kapena pa tebulo, muli maso. Nyali ikayamba kutupa kapena kutentha kwambiri potchaja, yatha ntchito. Komanso dziwani kuti mu June ndi July, pomwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 ndi kutuluka cha m'ma 7 koloko, kuzizira kwa kuno kumachepetsa mphamvu ya batire. Yomwe ikukupatsani maola 3 lero idzakupatsani ochepera nthawi imeneyo, pomwenso mudzaifune m'mawa ndi usiku womwe.

Mjomba wa ku Alex: Ine upangiri wanga wina, yenda mbali yoyang'anizana ndi magalimoto. Umawaona akubwera, palibe wokudzidzimutsa kumbuyo. Ndiye kanyali kofiira sikafunikanso.

Bambo a Tadala: Ayi a Mjomba, apa pokha ndikukanirani poyera, musamuphunzitse mwana zimenezo. Woyenda pansi ndiye amayang'anizana ndi magalimoto. Njinga imawerengedwa ngati galimoto pamaso pa lamulo, imayenda kumanzere limodzi ndi anzake. Dalaivala wotuluka pa mphambano kukhotera kumanzere amayang'ana kumanja komwe kukuchokera magalimoto, sayembekezera njinga kuchokera mbali inayo. Ndipo akaona nyali yoyera kumanzere kwake usiku amasokonezeka, sadziwa ngati msewu wakhota kapena ayi. Mukagundana maso ndi maso, liwiro lanu ndi lake zimaphatikizana.

Mjomba wa ku Alex: Ine ndayenda choncho nthawi yonseyi ndili moyo.

Nachisale: Mulungu wakusungani a Mjomba, koma musamuyese.

aPhiri Security: Pa za lamulo ndiwonjezere. Kutsogolo yoyera, kumbuyo yofiira, basi. Pali tinyali tina timagulitsidwa tothwanima buluu ndi kufiira, anyamata amatikonda. Buluu ndi wa apolisi, musayerekeze. Helemeti nayo ndi lamulo kwa wapanjinga kuno kuyambira 2004, ngakhale ambiri savala. Ndipo njinga siloledwa pa freeway, ndiye pomwe Malibongwe ikumana ndi freeway ya N1 samalani ndi magalimoto okhotera ku ma ramp, pamenepo ndi pomwe muyenera kuoneka kwambiri. Ife alendo tisamapereke chifukwa choti atiimitse, mukudziwa kuti funso la nyali limathera pa funso la mapepala.

Yamikani (Cosmo): Helemeti ndili nayo, anandipatsa abwana akale. Tsopano ndikagule kuti? Ndinalowa mu shopu ina ya njinga ku Fourways, nyali zina zinali zodutsa R1,000, ndinangotuluka mwaulemu.

Gift wa Delivery: 😂😂 zimenezo ndi za anthu ovala zothina Loweruka m'mawa.

Bambo a Tadala: Zija za Cateye ndi Lezyne ndi zabwino koma si za thumba lathu. M'mashopu omwewo funsa zotsika mtengo, usachite manyazi. Pali za Ryder, kampani ya konkuno, ndipo Decathlon ili ndi zake. Ona pa Takealot, shopu ya pa intaneti, uyerekeze mitengo, uwerenge zomwe ogula alemba, makamaka odandaulawo. Ku China Mall ndi ku Dragon City ziliko zambiri, kumeneko maso ako ndi amene akuthandize.

Che Saidi (Mayfair): Kulikonse komwe mupite, igwireni m'manja. Thupi likhale la chitsulo, ikhale yolemerako, chifukwa kulemera kwake kwambiri ndi batire. Kenako yang'anani chomangira, anthu amachinyoza koma ndi chimene chimayamba kuthyoka. Kapulasitiki kopyapyala kolowetsa ngati kabati sikachedwa pa maenje a kuno. Lamba wa rabala wokhuthala kapena chomangira cha bawuti ndiye bwino. Mahandulo amasiyana kukula pakati, ena 25.4 mm ena 31.8 mm, ndiye pitani ndi njinga yanu muyese pomwepo. Mukamanga, menyani handulo ndi dzanja. Ikagwada, pamsewu idzagwadanso.

Nachisale: Ndipo mutenge lisiti. Lamulo la kuno la Consumer Protection Act limapereka miyezi 6 yobweza katundu ngati ali ndi vuto, akukonzereni, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama. Koma wogulitsa wa pa Facebook wokumana naye pa garaja mudzamupeza kuti?

Mjomba wa ku Alex: Nanga za kaunjika ku Cash Crusaders? Nthawi zina kumapezeka zodula pa mtengo wotsika.

Che Saidi (Mayfair): Zimapezeka, koma kumbukirani kuti mukugula batire lomwe simudziwa zaka zake. Ngati ndi ya mtundu wabwino ndipo akulolani kubweza ikavuta, yesani mwayi.

Gift wa Delivery: Kapena adikire Black Friday, tsiku lomwe mashopu amatsitsa mitengo, yatsala pang'ono.

Bambo a Tadala: Adikire akuyenda mumdima? Agule kofiira ndi yakutsogolo sabata ino. Black Friday adzagule yachiwiri ngati ndalama ilipo.

Yamikani (Cosmo): Ndabwerako abale. Ndapeza ya chitsulo, yolembedwa 400 lumens, 2,000 mAh, IPX5, USB-C, lamba wa rabala. Bokosi likuti maola 3 ndi theka pa medium. R270. Kofiira ka kumbuyo R90, nakonso n'kotchaja. Lisiti ndasunga. Yotsalayo sinakwane timalamba ta mu akakolo.

Che Saidi (Mayfair): Manambala amenewo akugwirizana, si onama ngati aja. Musanaidalire iyeseni lero lomwe. Tchajani idzaze, yatsani pa medium, ikani pawindo pomwe pakupita mphepo kuti isatenthe, muone nthawi pa foni. Muone kawiri: pomwe yayamba kufooka ndi pomwe yazima. Nambala yoyambayo ndiyo yanu yeniyeni. Ikafooka ola lisanathe, mawa bwererani nayo ndi lisiti lanu.

aPhiri Security: Za timalamba musavutike. Ndili ndi rifulekita yakale ya kuntchito, yang'ambika paphewa koma mizere yake ikunyezimira bwino. Mutha kuvala, kapena kudula mizereyo n'kusokerera lasitiki.

Nachisale: Bweretsani kwa ine Lamlungu ku tchalitchi ndikusokereni, makina ndili nawo.

Gift wa Delivery: Che Saidi, yanga ija ya 10,000 ndikabweretsa mungaisinthe batire?

Che Saidi (Mayfair): Bwerani nayo Loweruka m'mawa ndiitsegule tione. Ngati mkati muli malo a 18650 tiika lenileni. Chaja yake mubwere nayonso.

Yamikani (Cosmo): Yadutsa maola 2 pawindo, ikadali chimodzimodzi. A Phiri, rifulekita ija ndikatengere kuti?

aPhiri Security: Ndikulemberani ku inbox.